Mbande za Mayi Pensulo

Dzina loti Mayi Pensulo silinabwere mwangozi. Zaka makumi atatu mayiwa anagwira ntchito pawindo logawira mankhwala pachipatala, pensulo ili yosomeka m'mphepete mwa duku. Atapuma pantchito anabweza makiyi a kabati, anasiya mpando wawo wogwedera uja, koma pensulo anapita nayo kunyumba. Pawindopo anatengapo lamulo limodzi limene sankalola munthu kulitsutsa: botolo lingakongole bwanji, ngati zolembedwa kunja si zimene zili m'kati, wapha munthu.

Odwala atawasiya, anayamba kulera zomera zaminga zopanda masamba, zija mabuku amati kakitasi. Ankakhala m'nyumba yosanja, pamwamba pa shopu yogulitsa utoto, ndipo khonde lawo lonse linasanduka mashelefu. Panali miphika yadothi, zitini za mkaka zoboola pansi, makapu othyoka zogwirira, zonse pamodzi zoposa zana. Mumphika uliwonse munali kachikwangwani koyera kodula kuchigubu chakale cha mafuta, dzina la chomera lili lolembedwa ndi pensulo, chifukwa inki imasuluka padzuwa.

Amuna awo anali wometa tsitsi, ndipo anthu ankangowatcha a Lumo. Mpando wawo wopumirapo unachotsedwa pakhondepo kalekale kuti papezeke malo a shelefu yachinayi. Iwo sanakwiye, anangoyamba kunena kuti zomerazo ndi apongozi awo.

"Timalemekezana kwambiri," ankauza makasitomala awo akuwameta. "Moni timapatsana tili patali. Ukangowayandikira, umabwerako magazi ali chuchuchu."

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, kagulu ka anthu okonda zomerazi kankakumana m'chipinda chakumbuyo kwa laibulale. Sankakwana makumi awiri, koma phokoso lawo linali la anthu zana. Vuto la kakitasi n'lakuti ambiri amabwera opanda dzina. Wina watola kanthambi kwa mnzake, wina wagula pamsewu kwa munthu amene amatcha chilichonse chaminga kuti duwa la m'chipululu. Zonsezo zinkathera patebulo la Mayi Pensulo. Iwo ankazunguza mphika pang'onopang'ono, kuika galasi lokuza zinthu padiso, kuwerenga minga ya pakachitsa kamodzi, kuona ngati thupi lili ndi nthiti kapena timabere. Akadziwa, ankalemba. Akakayika, ankabweza mphika kwa mwini wake.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero. "Dikirani duwa. Duwa silinama."

Chimene alemba Mayi Pensulo sichinkafunsidwanso. Dzanja lawo linali ngati chidindo, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Tisabise, ankazikonda kwambiri.

Amene anazilawa bwino anali wapampando wa gululo, dokotala wa mano, munthu wamtali wokonda tayi ngakhale kutenthe. Tsiku lina anabwera ndi chomera chachitali chofika m'chiuno, dzina lachilatini atalilemba yekha ndi zilembo zikuluzikulu. Analankhula za icho mphindi khumi. Mayi Pensulo anangodzuka, kusolola phini pabulauzi yawo, n'kubaya pang'ono. Panatuluka madzi oyera mbee ngati mkaka.

"A Dokotala, pepani," anatero. "Kakitasi wamtali chonchi satuluka mkaka. Uyu ndi m'bale wake wa nkhadze. Musagwire m'maso."

Anthu anaseka mpaka woyang'anira laibulale anagogoda khoma. Dokotala anamwetulira kumwetulira kouma, ndipo kuyambira tsikulo sanabweretsenso mphika patebulo lija. Mayi Pensulo anabwerera kunyumba akuyenda ngati pansi pali pofewa, ndipo nkhaniyo anaifotokozera a Lumo katatu.

Ndiye kunabwera kalata. Panali mkulu wina wa dziko lakutali amene Mayi Pensulo ankalemberana naye za zomera, ndipo ulendo uno m'envelopu munali kapepala kopinda, m'kati mwake njere makumi awiri zazing'ono ngati mchenga wakuda. Zinali za mtundu umene gulu lonse linkangouona pachithunzi. Dzina lake lachilatini linali lovuta pakamwa, choncho ankangoutcha Kathonje, chifukwa kamakula kozungulira, minga yake yofewa ndi yoyera ngati thonje, yoti ukhoza kuisisita ndi tsaya. Mumzinda monsemo munalibe ndi mmodzi yemwe amene anali nako.

Mayi Pensulo anali ndi mwambo wawo pofesa. Mchenga ankaukazinga kaye pachiwaya chakale kuti chilichonse chobisalamo chife. Tsikulo magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo mtima wawo sukanatha kudikira mawa. Anatapa mchenga m'beseni limene linkakhala pansi pa shelefu yachiwiri, anausefa, anauyang'ana n'kuona kuti ndi woyera bwino, anafesa, n'kuvundikira ndi galasi la windo losweka.

Patatha masabata awiri tinatuluka timitu tobiriwira. Anawerenga, anapeza makumi awiri ndi titatu. Anawerenganso, chimodzimodzi.

"Kodi njere zija simunati makumi awiri?" anafunsa a Lumo, atasuzumira pakhomo la khonde thaulo lili paphewa.

"Mkulu uja ndi wopatsa, anaonjezera. Mwinanso zina zinamatirirana."

"Kapena zina zabereka mapasa."

"Inu pitani mukamete anthu. Za kuno simuzidziwa."

Mbande za kakitasi zimafanana zonse zikakhala zazing'ono, ngati makanda m'chipinda chochirira. Aliyense wosunga zomerazi amadziwa zimenezo, ndipo Mayi Pensulo anali atauzapo ena kambirimbiri. Koma izi zinali zawo, ndipo zinatuluka ndi timinga toyera tofewa monga mmene chithunzi chinkasonyezera. Anazilera chaka ndi miyezi itatu. Ankazithirira ndi sirinji yakale, dontho ndi dontho, dzuwa likakula ankaziphimba ndi nsalu ya neti. Ziwiri zinafa, ndipo anazilira tsiku lonse. Zotsalazo zitakula ngati batani la malaya, anasungako zisanu, zina khumi ndi zisanu ndi chimodzi anagawira anthu asanu ndi atatu a m'gulu, aliyense ziwiri. Mukamphika kalikonse anasomekamo kachikwangwani ka dzanja lawo. Tsikulo anthu anawaombera m'manja ataimirira. Ngakhale Dokotala analandira timiphika take ndi manja awiri, ndipo analengeza kuti mbande zikakula adzaitana gulu la mumzinda woyandikana nawo lidzaone zimene anzawo angathe.

Inapita miyezi isanu ndi itatu. Alendo aja anavomera kubwera Loweruka loyamba la mwezi wotsatira, ndipo anagwirizana kuti aliyense adzabweretse Kathonje wake, adzawandandalike patebulo limodzi.

Lolemba la sabata imeneyo, m'mawa kukuzizira, Mayi Pensulo anatambasula mkono kuti atembenuze timiphika tawo tisanu, mbali ina iwotheko dzuwa. Pobweza mkono, kamphika kamodzi kanabwera nawo. Kanali katakola ulusi wa juzi.

Anaima phee. Thonje silikola juzi.

Anamasula ulusiwo mosamala, anatenga galasi, n'kuyang'ana pamutu pa mbandeyo. Pakati pa timinga toyera panali munga umodzi wofiirira, wowongoka, nsonga yake yopindika ngati mbedza. Anayang'ana yachiwiri, panali iwiri. Yachitatu inali itangoyamba kumene. Anakweza maso pang'onopang'ono kushelefu yachiwiri, ndipo apo panali mphika waukulu wa Kambedza, kakitasi wamba amene aliyense amayambira, amene anthu a m'gulu ankapatsana ngati mchere ndipo ena ankachita kumutaya. Anali atakhala pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi, akubereka tizipatso take tofiira tonga tsabola, tikumauma n'kumagwera pansi. Pansi pakepo ndi pamene pankakhala beseni la mchenga.

Anakhala pachidebe chovundikira. Njere za mkulu uja sizinamere ndi imodzi yomwe. Zaka ziwiri akhala akuthirira ndi sirinji chinthu chimene chimamera chokha m'ngalande, ndipo chiwerengero chinawauza poyambirira pomwe, iwo n'kuchitseka pakamwa. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu munatentha.

A Lumo anawapeza pomwepo pobwera kudzadya masana. Atamva nkhaniyo anatsegula pakamwa kuti aseke, koma ataona nkhope ya akazi awo anakutembenuza kukhala kutsokomola.

"Ndiye mwati mutani?"

"Sindikudziwa."

"Mayi, mverani ine. Madzi akatayika saoleka. Ndani wakuonani? Mukanene kuti mkulu wakunja uja ndiye anatumiza njere zolakwika. Ali kutali, sadzamva. Inu mudzakhala wonamizidwa, anthu adzakumverani chisoni, nkhani yatha."

"Iye anatumiza zoona."

"Mukudziwa ndinu nokha zimenezo. Ine ndikalakwitsa kumeta, ndimati mutu wa munthuyo ndiwo wopindika. Palibe anandimangitsapo."

"Tsitsi limamera, bambo. Dzina likalakwika limabereka. Uyu adzapatsa mnzake kamphukira, mnzakeyo adzapatsa wina, zaka khumi zikubwerazi mzinda wonse udzakhala ukutcha Kambedza kuti Kathonje, ndipo akadzafunsa kuti analemba ndani, adzati Mayi Pensulo."

"Nanga mukapita kukaulula, adzati chiyani? Dokotala uja akuyembekezerani kuyambira tsiku la mkaka lija. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Mawu amenewo anawalasa chifukwa anali oona. Chimene Mayi Pensulo anali nacho pagulu chinali chimodzi basi, kuti akalemba anthu amakhulupirira. Analibe galimoto ngati Dokotala, analibe bwalo lalikulu ngati ena. Akaulula, ndani adzabweretsenso mphika patebulo lawo? Akapanda kuulula, Loweruka alendo adzaweramira tebulo ndi magalasi awo, ndipo pakati pawo sipadzalephera kupezeka wamaso.

Masana omwewo anadula chigubu china, anasema tizikwangwani tatsopano, anatiika m'chikwama pamodzi ndi galasi ndi labala. Anamanga duku lawo labwino.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya," anatero ali pakhomo.

"Mukapezako nkhonya zambiri mundisungireko," anayankha a Lumo, koma anawatsegulira chitseko ndipo anawaperekeza mpaka pansi pa masitepe, zimene sankachita kawirikawiri.

Woyamba anali wosoka nsapato, amene benchi yake inali pakona pafupi ndi pokwerera basi. Timiphika take tiwiri ankatisunga pomwepo, pakashelefu pamwamba pa zidendene ndi zitini za polishi, ndipo ankationetsa kwa aliyense wodikira nsapato. Mayi Pensulo anatiyang'ana ndi galasi. Mbedza zinalipo.

"Achimwene, izi si Kathonje. Ndi Kambedza."

Munthuyo anachotsa misomali imene anailuma pakamwa. "Zatheka bwanji, mayi?"

Apa lilime linawaterereka. "Njere zija zinabwera zosakanikira," anatero.

"Ndinadziwa! Anthu akutali ngotero. Amaona ngati kuno ndife ogona. Mundipatse adiresi yake, mwana wanga amulembere kalata yoti akaiwerenga asadye."

Anasintha tizikwangwani mofulumira n'kutsanzika. Anayenda mpaka pashopu yogulitsa matayala. Mkulu uja anali atawatumizira njere zimene akanatha kupatsa wina aliyense, ndipo iwo amugulitsa pakona ya msewu kuti apulumutse nkhope. Anaima, anthu akuwalambalala, kenaka anatembenuka.

"Mwaiwala chiyani, mayi?"

"Ndaiwala zoona. Njere zinali zabwino. Ndine ndinafesa mumchenga wosakazinga, wa pansi pa Kambedza wanga. Zenizenizo sizinamere. Kalatayo ngati mukufuna kulemba, mulembere ine."

Wosoka nsapato anawayang'ana kanthawi, kenaka anaseka mpaka anagwetsa nyundo. "Inu? Mchenga wosakazinga? Mayi, chaka chatha munandikalipira ine pa nkhani yomweyo!"

"Ndikukumbuka."

"Ndiye mwabwerera kuchokera kumatayala kuja kudzangonena zimenezi?" Anapukusa mutu, akupukuta misozi ndi kumbuyo kwa dzanja. "Khalani pansi ndikupukutireni nsapato. Ulendo wanu ndi wautali."

Unalidi wautali. Unatenga masiku anayi, mabasi osawerengeka ndi masitepe amene mawondo awo anawakumbukira mwezi wathunthu. Mphunzitsi wa masamu anakwiya zenizeni, chifukwa anali atajambulitsa mbande zake n'kutumiza chithunzi kwa alamu ake, ndipo sanawapatse ndi mpando womwe. Mayi wogulitsa nsalu anati iye Kambedza amamukonda kale, bola wakula m'manja mwa katswiri. Wokonza mawailesi anali atapatsa kale mchemwali wake kamphika kamodzi, choncho Mayi Pensulo anakwera basi ina mpaka kumapeto kwa mzinda, kukagogoda pakhomo pa munthu wosamudziwa n'kupempha kuti aone pawindo la kubafa. Paliponse ankanena mawu omwewo, osachotsera, ndipo nyumba iliyonse mawuwo ankapepukirako. Pofika Lachinayi anazindikira kuti akuyenda mutu uli chilili. Sankanyadira cholakwacho ayi, koma ankanyadira kuti tizikwangwani tabodza tikuchepa mumzinda, ndipo akutichepetsa ndi manja awo.

Mayi Pensulo anasiya Dokotala kuti akhale womaliza. Anadziuza kuti n'chifukwa choti amakhala wotanganidwa, koma chifukwa chenicheni chinali mantha.

Lachisanu masana anakwera masitepe a kuchipatala chake cha mano. M'chipinda chodikirira munali fungo lija la mankhwala limene ankalidziwa bwino, ndi bambo wina atagwira tsaya. Anadikira mpaka bamboyo analowa, kubuula, n'kutuluka thonje lili m'kamwa. Kenaka Dokotala anasuzumira, ataona kuti ndi iwo anakonza tayi.

"Mayi Pensulo! Dzino?"

"Ayi, a Dokotala. Ndabwera kudzaona mbande zija."

Nkhope ya Dokotala inasintha. Anati mbande zili bwino, anati mawa si kutali adzaziona konko, anati chipinda chakumbuyo n'chosasesa. Mayi Pensulo anaganiza kuti nkhani yamupeza kale ndipo akufuna kudzawayalutsa pamaso pa alendo. Anauma mtima, anati sachoka asanazione. Dokotala anapumira m'mwamba n'kuwatsogolera.

Chipinda chakumbuyo chinali chaching'ono, muli sinki, kabati ya zitsulo ndi windo lalikulu. Timiphika tiwiri tija tinali pawindopo, tizikwangwani tawo tili chilili. Mayi Pensulo anaika galasi padiso, n'kuyang'ana. Panalibe mbedza. Mbande zonse ziwiri zinali zoyera mbee, zozungulira bwino. Kodi mwa zonse zija, ziwiri zenizeni zinagwera kwa munthu uyu?

Anayandikitsa galasi. Pakati pa kachitsa kalikonse panali kachidutswa kofiirira, kafupi, kodulidwa mosalala ngati ndi makina.

"A Dokotala, minga iyi yadulidwa."

Dokotala anayang'ana kusinki.

"Wadula ndani?"

Munthu wamkulu, wa tayi, amene anthu ankanjenjemera akakhala pampando wake, anatsegula kabati n'kutulutsa kachitsulo kake kodulira waya wa m'mano. Anakaika patebulo ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'thumba.

"Inayamba miyezi itatu yapitayo," anatero motsitsa mawu. "Ndinaona umodzi wopindika. Ndinati ndazilakwira ine, mwina feteleza ndinachulutsa, mwina dzuwa la pawindoli. Ndinaudula. Sabata yotsatira inatuluka ina iwiri. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse, wodwala womaliza akatuluka, ndimakhala pano n'kumadula. Ndimaopa kuti mudzati ndaononga mbewu yanu ya mtengo wapatali."

"Simunaganize kuti ndi Kambedza?"

"Ndinaganiza tsiku loyamba lomwelo. Kambedza ndili naye kunyumba mabeseni awiri, ndingalephere kumudziwa? Ndinabwera naye mmodzi kuno, ndinawaika pamodzi, anali ngati mwana ndi mayi ake." Anakhudza kachikwangwani ndi chala. "Koma apa panali dzanja lanu. Ndinati pakati pa maso anga ndi pensulo ya mayi aja, onama ndi maso anga."

Mayi Pensulo anafuna kuseka, ndipo anafuna kulira, zonse nthawi imodzi. Anabwera atakonzeka kunyozedwa, mawu oyankhira ali kale pakamwa, koma izi sanazikonzekere. Munthu wophunzira chonchi wakhala miyezi itatu akumeta chomera kuti chifanane ndi zimene iwo analemba. Ulemu woterewu sanaulandirepo chibadwire, ndipo unawalemera kuposa chipongwe. Anaona kuti phini ija sinabaye chomera chokha.

Anakhala pampando wozungulira umene unali pafupi ndi sinki, n'kufotokoza zonse: magetsi, beseni, njere makumi awiri zimene zinamera makumi awiri ndi zitatu, ngakhalenso bodza la pakona ya wosoka nsapato. Dokotala anamvetsera osadula mawu.

"Ndiye maso anga anali bwino," anatero Dokotala pang'onopang'ono.

"Anali bwino kuposa anga. Inu munaona miyezi itatu yapitayo, ine ndaona Lolemba, ndiponso anandiuza ndi juzi."

Dokotala anayamba kuseka, poyamba m'mphuno, kenaka ndi thupi lonse, mpaka anagwira kabati zitsulo zikulira m'kati. Mayi Pensulo anamusiya aseke. Anali ndi ufulu wake, ndipo anali ataudikira nthawi yaitali.

"Mawa pamaso pa alendo ndidzaimirira ndinene ndekha," anatero mayiwo kuseka kutachepa. "Musadzandibisire. Ndipo ndidzanena kuti woyamba kuona anali wapampando."

"Za kachitsulo aka musadzanene."

"Zimenezo ndi za m'chipatala. Sizituluka."

Anazula tizikwangwani takale, anatulutsa tiwiri tatsopano, kenaka anasolola pensulo m'duku n'kuitambasulira kwa Dokotala.

"Lembani ndinu. Mwachidziwa ndinu chomerachi."

Dokotala anaiyang'ana pensuloyo. Zinaoneka kuti akuifuna, chifukwa dzanja linanyamuka, koma analibweza m'thumba la gauni.

"Ayi, mayi. Ndikalemba ine, mawa mphunzitsi wa masamu adzafunsa kuti watsimikiza ndani. Mukalemba inu, nkhani yatha."

"Ngakhale pambuyo pa zimenezi?"

"Ine ndadula minga miyezi itatu kuti cholakwa chisaoneke. Inu mwakwera mabasi masiku anayi kuchionetsa khomo ndi khomo. Mukuganiza kuti anthu abweretsa miphika yawo kwa ndani?"

Sanadikire yankho. Anawerama, anakoka katani imene inkabisa pansi pa sinki, n'kuyamba kutulutsa miphika. Unatuluka umodzi, wachiwiri, mpaka inayi, yonse yosamalidwa bwino, yonse yopanda kachikwangwani. Anati masana amaiika pawindo, koma akamva kuti kukubwera munthu wa m'gulu amaibisa. Inali itakhala zaka ziwiri yopanda maina chifukwa mwini wake ankaopa tebulo la kulaibulale.

Mayi Pensulo anakonza duku limene silinapotoke, anaika galasi padiso kuti Dokotala asaone kuti maso anyowa, ndipo anakoka mphika woyamba. Anauzunguza, anawerenga minga, koma asanalembe anaukankhira pakati pa tebulo.

"Inu mukuona chiyani, a Dokotala?"

Dokotala anawerama, anatchula dzina mokayikira, ngati munthu woponda pamwala woterera. Linali lolondola. Mayi Pensulo analilemba ndi zilembo zawo zowongoka zija. Wachiwiri anagwirizananso. Wachitatu anatsutsana kwa mphindi makumi awiri, mawu akukwera, mpaka mlembi wa pachipatalapo anagogoda kufunsa ngati kuli bwino, ndipo pomaliza anapambana ndi mayiwo.

Wachinayi unali kanthu kobiriwira modera, ka nthiti zisanu ndi zitatu, kopanda chizindikiro chilichonse cha duwa. Anakayang'ana nthawi yaitali, mbali zonse. Dzina linabwera pakamwa, dzina labwino ndithu, ndipo mwina linali loona. Dokotala anali chiimire pambali pawo, wokonzeka kukhulupirira chilichonse chimene anganene.

Mayi Pensulo anabweza pensulo m'duku.

"Aka sindikukadziwa," anatero, mawu ali omveka bwino. "Mubwere nako mawa. Mwina mwa alendo aja muli wotiposa tonse."

Dokotala anakanyamula ndi manja awiri n'kukaika pafupi ndi chikwama chake kuti asakaiwale.